Loweruka m'galaja ya a Major

Tulo takana, ndiye bola ndilembeko.

Lachinayi a Major a ku gulu lina anandiimitsa pamalo oimika magalimoto kuno ku kampu ya asilikali ya Catterick, ku England, n'kufunsa ngati ndine makaniko uja wa ku REME, gulu lathu la asilikali okonza zida ndi magalimoto. Ndinati inde bwana. Akuti ali ndi kavuto ka mabuleki kunyumba, kodi Loweruka sindingadutseko? Ife tinaleredwa kuti wamkulu akapempha sukana. Mumtima ndinkati ndi galimoto ya mayi a kunyumba kwawo.

Atatsegula galaja ndinangoti kakasi. Kagalimoto kosafika n'komwe m'chiuno, mipando iwiri, kopanda zitseko, kopanda denga, matayala akutsogolo ali panja pa thupi, nyali zili tong'o ngati maso a chule. Akuti ndi Caterham Seven, inabwera m'mabokosi kuchokera ku fakitale ya ku Dartford. Chasisi imabwera yowotcherera kale, mawaya ndi mapaipi atayala kale, koma injini, giyabokosi, masipuling'i ndi chiwongolero umamanga wekha. Yawoyo ili ndi injini ya Ford ya 1.6, ndipo galimoto yonse kulemera kwake kungopitirira pang'ono theka la tani.

Ndisanagwire n'komwe sipanala, mbiri inayambika. Munthu amene ku ntchito amayankhula mawu owerengeka, apa pakamwa sipankatsekeka. Akuti anaipanga ndi Colin Chapman wa kampani ya Lotus mu 1957, ndipo ankaigulitsa yosamangamanga chifukwa nthawi imeneyo galimoto yogula zidutswa sinkalipira msonkho wogulira. Lamulo linkaletsa kupereka buku la kamangidwe, ndiye iwo, akutero a Major akuseka mpaka kutsokomola, ankapereka buku la kamasulidwe, wogula n'kumaliwerenga chobwerera m'mbuyo. Mu 1973 Lotus inagulitsa ufulu wopanga galimotoyi kwa Caterham. Ine ndinkangoti inde bwana, inde bwana, maso ali pa kabotolo ka mafuta a mabuleki.

Vuto lake linali laling'ono. Pedulo inali yofewa, mpweya unatsalira m'mapaipi. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina pa pedulo, wina pansi pa tayala ndi kapaipi ndi botolo, kuyambira tayala la kutali ndi pampu. Ndiye a Major anadzipanikiza mu mpando muja, ine n'kugwada pa simenti yozizira.

"Pompani, bwana. Gwirani. Musasiye! Ndati musasiye!"

Mawu atatuluka ndi pamene ndinazindikira kuti ndakalipira Major. Iwo anangoti pepani, n'kupondanso. Kenako akuti muno mulibe bwana, ndiitane dzina langa. Ndinayesa, lilime linakana. Munthu woti Lolemba ndidzamuchitira sailuti ndingamutchule dzina ngati mnzanga wa ku pulayimale? Ndinangosiya kuwaitana kulikonse, n'kumayankhula ndi tayala.

Thovu litatha m'kapaipi, pedulo n'kulimba, anandionetsa tizipewa tapulasitiki timene aveka pa nati iliyonse yoonekera. Galimoto yomanga wekha kuno siloledwa pamsewu isanapambane mayeso a boma oona chitetezo cha galimoto, otchedwa IVA, ndipo woyesayo amayendetsa kampira ka mamilimita 100 pathupi pake. Paliponse pamene kakhudza payenera kukhala pobulungira, osachepera mamilimita 2.5, kuti pasacheke munthu. Zimenezo ndinazikonda, sindinama. Ntchito yawo ndi yaukhondo, bawuti iliyonse akaimanga pa muyeso wake amaidontheza penti. Anyamata ena ku wekishopu kwathu sangafikepo.

Chimene chandisowetsa tulo ndi zimene ananena tikumwa tiyi. Ndinafunsa mwanthabwala kuti nanga ana akhala pati, katundu ayikidwa pati. Anati galimotoyi si yonyamula kanthu. Akuti ku ofesi amasaina mapepala, amalamula, koma sabata imatha osaona ndi maso chimene wapanga. Muno bawuti ikalimba yalimba, ikakana yakana, ndipo siopa nyota za paphewa. Kenako anati amandisirira, chifukwa ine ndimagwira zitsulo tsiku lililonse.

Kundisirira ine? Girizi amene ndimakanda m'zikhadabo madzulo aliwonse, iwo amachita kumugula ndi ndalama zawo. Ndinaseka nawo, koma mumtima munatentha, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ndi mkwiyo kapena nsanje. Ine sipanala ndinaigwira kuti ndidye. Galimoto iliyonse imene ndaiganizirapo kugula ndimayamba ndawerenga mipando, kenako matumba a chimanga amene ingasenze ndikadzaitumiza kumudzi, komanso ngati ingafike ku chipatala nthawi ya dzinja. Ndili m'galaja momwemo foni inalira, mlongo wanga akukumbutsa za fizi. Sindikuti a Major alakwa, ndalama ndi zawo. Kungoti sindikukumbukira tsiku limene ndinamanga chinthu chosafunidwa ndi wina aliyense, chongondisangalatsa ine.

Mayi a ana nditawafotokozera anafunsa chimodzi chokha, akulipirani? Ndinati anandipatsa botolo la vinyo. Anangoti mhm, n'kupitiriza kusita.

Madzulo ano uthenga wa a Major walowa. Akuti Loweruka likubwerali akufuna kuliza injini koyamba, ndipo angakonde nditakhalapo. Sindinayankhe. Tili ndi msonkhano wa Amalawi ku Leeds tsiku lomwelo, ndinalonjeza kale kunyamula anthu, komabe injini yatsopano ikamalira koyamba pamafunika wina woyang'ana geji ya oyilo, ndipo a Major aja ndawaona, adzakhala akuyang'ana kwina.