Lachisanu ku Mchinji: achinyamata akambirana za mgwirizano wa mayiko

Pofika 7 koloko m'mawa mathiraki anali atandanda kale mumsewu wa M12 kulowera ku boda ya Mwami, a kabaza akuwazemba m'mbali ndi matumba a mtedza. Chitsegulireni nyumba zatsopano za pabodapa mu Disembala 2022, mwambo umene anatsogolera a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, munthu amaima kamodzi kokha ndipo maofesala a Malawi ndi a Zambia amamuthandizira pamalo amodzi. Nthawi yodikira inachepadi. Koma achinyamata amene anasonkhana masana pa Boma, ambiri mwa iwo a geni yodutsa malire, sanataye nthawi kuyamikira nyumba.

Anayamba ndi STR, ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Kayendedwe kake nkosavuta. Umayamba wafunsa pa desiki ya uthenga wa zamalonda pabodapo ngati katundu wako ali pa mndandanda umene Malawi ndi Zambia anagwirizana. Mtengo wa katunduyo usapitirire malire, amene COMESA inaika pa madola 2,000 a ku America. Kenako umalemba mafomu awiri afupiafupi: satifiketi yosonyeza dziko limene katunduyo wachokera, yomwe ofesala wa kasitomu amadinda pompo, ndi fomu ya kasitomu. Ejenti woombolera katundu safunika, ndipo msonkho wolowetsera katundu sulipira.

Pomwe ambiri amagwa mpoti STR imachotsa msonkho umodzi wokhawo. VAT ilipobe, excise, msonkho wapadera wa pa katundu wina, ilinso pomwepo, ndiye wosadziwa amaganiza kuti akumubera. Chinanso, nsapato za ku China ukazioda ku Lusaka sizisanduka za ku Zambia. Katundu ayenera kukhala wolimidwa kapena wopangidwa m'dziko la COMESA. Kaunjika nayenso salowamo. Pa mbewu mpamene pali ntchito: pamafunika chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti mbewuzo zilibe tizilombo, ndipo mbewu ngati chimanga ndi soya zimafuna layisensi ya ku Unduna wa Zamalonda. Mtsikana wa matumba khumi akawerengera ulendo wokatenga layisensiyo ku Lilongwe, makilomita oposa 100, phindu lonse lathera m'njira. Nchifukwa chake njira zamadulira sizitha, ngakhale kuti kumeneko katundu amalandidwa ndipo atsikana amakumana ndi nkhanza zimene sangakanene kulikonse.

Nkhani ya ndalama inatenga nthawi yaitali kuposa zonse. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atatenga katundu pangongole ku Chipata mpamba unawathera tsiku limodzi. Ena anati yankho ndi ndalama imodzi ya chigawo chonse. Apa ine sindikugwirizana nawo. SADC, bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa, inalonjeza kale mgwirizano wa kasitomu pofika 2010, msika umodzi pofika 2015 ndi ndalama imodzi pofika 2018, koma palibe chinachitika. Chifukwa chake nchodziwika: bungweli limafuna kuti kukwera kwa mitengo ya zinthu m'dziko lililonse kukhale pakati pa 3 ndi 7 peresenti pachaka, pomwe kwathu kuno kwakhala kukupitirira 20 peresenti zaka zaposachedwazi. Kulowa ndalama imodzi chuma chili chonchi nkusiya chiwongolero m'manja mwa mayiko amphamvu ngati South Africa.

Mnyamata wina wa ku koleji anafunsa chifukwa chomwe tili m'mabungwe ambirimbiri. Funso labwino. Malawi ndi Zambia ali mu COMESA komanso mu SADC, koma Mozambique ndi Tanzania ali mu SADC mokha pa awiriwa. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000. Choncho fomu ya COMESA imene imagwira ntchito pa Mwami ilibe mphamvu pa boda ya Dedza (ya Mozambique) kapena ya Songwe (ya Tanzania), ndipo wamalonda mmodzi ayenera kudziwa malamulo awiri a kochokera katundu. Pamwamba pake pabwera AfCFTA, ndondomeko ya msika umodzi wa mayiko a mu Africa, imene malonda ake anayamba pa 1 Januwale 2021, nayo ili ndi malamulo akeake.

Chimene chinawakwiyitsa kwambiri ndi ziletso zadzidzidzi. Mu 2024 chilala chitavuta, Zambia inaletsa kutulutsa chimanga. Mu Malichi 2025 Malawi inaletsa katundu wina wakunja, ndipo mu Epulo Tanzania inabwezera potseka zokolola zathu kwa masiku angapo. Boma lililonse lili ndi zifukwa zake, koma mlimi wa ku Mkanda amene wadzala soya akudalira wogula wa kutsidya amamva za chiletso pa wailesi mbewu zili kale m'matumba. Ndipo alibe kokadandaula. Khothi la SADC linaimitsidwa mu 2010 litagamula mokomera alimi amene analandidwa minda ku Zimbabwe, ndipo pangano latsopano la 2014 linachotsa mwayi woti munthu wamba akasumeko.

Pa zoti mayiko adzakhale pansi pa ulamuliro umodzi, ambiri anapukusa mutu. Agogo awo amakumbukabe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, chimene chuma chake chinkathera ku Salisbury, Harare wa lero. Komabe achinyamata omwewa mu Ogasiti amapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi Achewa a ku Zambia ndi Mozambique, osaona chachilendo.

Pobalalika anagwirizana zolembera phungu wawo zinthu zitatu: layisensi za mbewu zizipezeka pabodapo, mndandanda wa STR uzimatidwa poyera m'Chichewa pamodzi ndi misonkho yotsalayo, ndipo chiletso chilichonse chizilengezedwa nyengo yodzala isanafike. Za njanji ya Mchinji kupita ku Chipata, imene inatsegulidwa mu 2010 koma sitima siyendamo kawirikawiri, anati adzakambirana akadzakumananso.