Lachitatu la matumbo opotana

Kwatentha lero. Pofika 7 koloko malaya anali atamata kale kumsana, ndipo wakabaza amene anandiwolotsa pamlatho wa Shire anangoti, "Achimwene, laleroli lipsereza." Nditalowa ku fiyeta moni ndinapereka ndili chiyendere, mtima uli pa firiji. Magetsi anazima usiku, ndipo suxamethonium, mankhwala ofewetsa minofu pa opaleshoni amene ife timangoti sux, amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Akakhalitsa potentha mphamvu imachoka pang'onopang'ono, kabotolo kakuonekabe bwinobwino. Ndinakagwira, kali zii. Jenereta sinatigwiritse fuwa lamoto.

Cha m'ma 10 ambulansi inabweretsa bambo wina, msodzi wa kumbali ya Makanjira, mimba itatupa ngati ng'oma. Masiku atatu osachita chimbudzi, kusanza kokhakokha. Matumbo opotana. Munthu wotere sungangomugoneka n'kumamupumitsa ndi masiki, chifukwa zam'mimba zitha kubwerera kukhosi n'kutsikira m'mapapo. Pamafunika chubu cha m'kholingo, chija chokhala ndi kabaluni kotseka m'mbali, ndipo chilowe msangamsanga.

Akazi awo anandiimitsa pakhonde. Anayamba m'Chiyao, kenako anatembenukira ku Chichewa: "Adokotala, akuti muwabaya mankhwala oumitsa thupi. Koma adzuka?" Kaya anawauza ndani. Ndinati, "Mayi, mankhwala alipo awiri. Oyamba ndi atulo. Achiwiri amafewetsa thupi kuti kapaipi kopumira kalowe osawavulaza pakhosi. Nthawi yonseyo owapumira ndikhala ine." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ngati akuyeza ngati mpweya wanga ungakwane anthu awiri.

Mkati, diripi inali ikuthamanga, kapaipi ka m'mphuno katakoka kale madzi obiriwira odzaza mbale. Okosijeni mphindi 3 zathunthu, ngakhale opanga opaleshoni anali atayamba kugwedeza phazi. Ketamine, mankhwala atulo amene sakonda kutsitsa BP, poti BP inali yotsika. Kenako sux, 100 mg, kabotolo kamodzi konse.

Mphindi yotsatirayi siinandizolowerebe. Zikope zimayamba kuphethiraphethira, minofu ya pachifuwa n'kumanjenjemera ngati usipa m'lichero, kunjenjemerako kumatsika mpaka kuzala zakumapazi, kenako duu. Chifuwa chaima. Nsagwada zomwe zinali zolimba zalendewera. Laryngoscope, chitsulo chounikira pakhosi, kudzanja lamanzere, lilime kulikankhira pambali, ndipo apo, timitsempha tiwiri toyera ta mawu tili yasa. Chubu cha 7.5 chinalowa ulendo umodzi. Tinapopa kabaluni, ndinamvetsera mbali zonse ziwiri za chifuwa, kamakina ka pachala koyeza okosijeni kakuwerenga 98.

Mtsikana amene ali nafe pa maphunziro anandifunsa motsitsa mawu kuti bwanji osangogwiritsa ketamine yekha. Funso labwino. Munthu angagone tulo tofa nato, kholingo silimagona. Ukaligunda ndi chitsulo limadzitsekera, wodwala n'kuyamba kubanika, iwe n'kumalimbana ndi nsagwada mpaka kugulula dzino la mwini. Koma ndinamuuzanso mbali imene ine imandisowetsa tulo: sux sagonetsa ndipo sapha ululu. Ukamupereka tulo tisanagwire, munthu amamva mpeni, amamva nkhani zathu zonse, koma sangagwedeze ngakhale chala. Ndiye mpweya ukamulanda wekha, chubu chikakana kulowa usachite manyazi, bwerera ku masiki, itana wina. Kholo la mankhwala onse ofewetsa minofuwa ndi curare, poizoni wa pamivi wa alenje a ku South America, amene nyama imafa nayo chifukwa cholephera kupuma basi. Harold Griffith ndi Enid Johnson anamugwiritsa ntchito pa opaleshoni ku Montreal mu 1942. Mwanayo analemba zonsezi pachikhatho, kope ataliiwala ku hositelo.

Sux amatha pakangopita mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono, choncho ndinawonjezera vecuronium, wofewetsa wina wokhalitsa, kuti mimba ikhale yofewa mpaka kusoka. Pomaliza neostigmine ndi atropine, obwezeretsa mphamvu ya minofu. "Bambo, tsegulani maso. Tukulani mutu." Anautukula, ndinawerenga mpaka 5, ndiye chubu panja.

Masana kunabwera kamwana kopsa ndi phala milungu iwiri yapitayo, kodzatsukidwa zilonda. Ndinaona mtsikana uja akutulutsa sux wapadera. Ndinamugwira dzanja. Wopsa akangodutsa tsiku limodzi kapena awiri, sux amakweza potaziyamu m'magazi mpaka mtima kuima. Anabweza kabotolo mu firiji osanena kanthu, ndipo kamwanako tinakatsuka ndi ketamine, kakupuma kokha.

Poweruka ndinadzera ku wodi. Bambo aja akudandaula pakhosi pokanda, akupempha madzi, anesi akukana. Mawa adzadandaulanso kuphwanya kwa thupi, ndi khalidwe la sux limenelo. Akazi awo anali pamkeka pansi pa bedi, akuwapepesera mphepo ndi chitenje. Atandiona anafunsa, "Ndiye pano akupuma wawo kapena wanu?"

"Wawo, mayi."

Anati ndidikire, ali ndi chambo chouma m'thumba.