Ku Dar ngakhale nthawi amawerenga mwina

Anzanga angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp za ulendo wanga wa ku Dar es Salaam ku Tanzania ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi.

Tinadutsira pa boda ya Songwe kupitirira Karonga, tsidya linalo amati Kasumulu. Ife Amalawi viza sitilipira, pasipoti yokha, komabe kakhadi ka yellow fever tengani, nthawi zina amakafuna. Majumbo apulasitiki siyani kunyumba, analetsa mu 2019. Posintha ndalama werengani ma shilingi anuwo pamaso pa mwini wakeyo, asakufulumizitseni.

Mukangowoloka mlatho wotchi muyikankhe ndi ola limodzi, ali patsogolo pathu. Zimenezo ndinkazidziwa. Chomwe chinandipusitsa ine ndi china. Mu mzinda wa Mbeya ndikugula tikiti ya ku Dar mnyamata wogulitsayo anati basi inyamuka saa kumi na mbili, ine kumasulira Chiswahilicho pa foni ndaona kuti ndi 12, mumtima ndati eee ndigona mpaka kukhuta, ndisambe bwinobwino, ndimwe ndi tiyi. Osadziwa kuti anzathuwa amayamba kuwerenga tsiku dzuwa likatuluka, 7 koloko mmawa ndiye saa moja, ndiye 12 yawoyo ndi 6 koloko mbandakucha! Anandipulumutsa ndi mayi wa pomwe ndinagona, ataona tikiti yanga anaseka mpaka misozi, kenako cha m'ma 5 anabwera kudzagogoda pachitseko.

Msewu ndi wautali, makilomita opitirira 800, tsiku lathunthu uli pampando. Iringa, kutsetsereka kwa Kitonga komwe aliyense amangoti zii, kenako Mikumi, basi ikudutsa mkati mwa paki, mbidzi ndi anyani mphepete mwa msewu osalipira kalikonse. Khalani ku windo.

Ku Kariakoo, dera la misika mu Dar, ndiye kuli katundu, nsalu, nsapato, mafoni, anthu ngati nyerere, kutentha kwake kuposa Nsanje poti kumamata thupi. Tsiku loyamba ndinangofika pa shopu nkuloza chitenje kufunsa mtengo mu Chingerezi, bambo ake anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Kumeneko moni kaye. Wamkulu umati shikamoo, iye amayankha marahaba, ndipo chinthu sunena kuti ndikufuna, umati naomba, kupempha, ngakhale ndalama ndi zako. Ine ndimaona ngati ife ndi aulemu kale koma pamenepa anatiposa. Mawa lake ndinabwerera konko, shikamoo, habari za asubuhi, mtengo unatsika ndisanayambe nkomwe kunenerera.

Chakudya simuvutika, ugali ndi nsima yomweyi koma yolimbirapo, nyama ndi nyama, wali ndi mpunga. Chipsi mayai ndiye ndinkadya daily, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, kuthira tsabola pamwamba. Ndayesa kupanga kuno kawiri konse, chikumangophwasuka mu pani.