Geni yathu ya malaputopu akale pa Nchalo

Anthu akamva kuti timagulitsa malaputopu a 2011 amaseka, amati aise ukugulitsa zinthu za nthawi ya Bingu chaka chino? Ndipo sakunama ayi, ambiri mwa makina amene ali pa shelefu yathu anapangidwa Bingu akadali pampando, ena mpaka ali ndi chizindikiro cha IBM pakona, ngati ThinkPad T60 ya 2006 ija, imene inatuluka Lenovo itagula kale mbali ya makompyuta ya IBM mu 2005 koma dzina lakale likadali pomwepo. Koma ineyo ndimati kwa munthu wokhala kuno ku Chigwa cha Shire, laputopu yakale ya muofesi yoti mutha kuitsegula ndi sikuludiraiva imodzi ndi yabwino kuposa yatsopano yopyapyala yotchipa ija, ndipo geni yathu yonse yatsamira pamenepo basi.

Shopu yake ndi kachipinda kamodzi chakuseri kwa msika, tilimo awiri, ine ndi mlamu wanga. Tinayamba ndi mafoni, kutchaja, kusintha masikirini, kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu mu memory. Laputopu yoyamba tinagula chifukwa cha nyimbo zomwezo, inali Dell Latitude D630 yothyoka hinji, tinkachita kuitsamiritsa kukhoma kuti sikirini iime. Nde poti inkavutavuta tinazolowera kuitsegula, anthu odzatchaja mafoni nkumationa tili mkati mwake, kenako aphunzitsi ena anabweretsa yawo yoti ikumangozima yokha, tinaikonza, anakauza anzawo kusukulu, zinayamba choncho. Mlamu wanga ndi amene ali ndi dzanja la kuwotcherera, ine zanga ndi kugula, kuika mapulogalamu ndi kukangana ndi makasitomala.

Chimene chimapha malaputopu kuno ndi kutentha. Amene simunakhalepo ku Ngabu kapena ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala simungamvetse, kumapitirira madigiri 40 masana, ndipo mu nyumba ya malata yopanda siling'i ndiye musanene. Laputopu imadziziziritsa ndi mpweya wa mchipinda momwemo, nde ngati mpweyawo ndi wotentha kale fani imangozungulira kugwira ntchito yosaoneka. Purosesa, ubongo wa makina uja, ikayandikira madigiri 100 imayamba kudzichepetsa liwiro, zikapitirira imazimitsa makina onse kuti isapse. Kasitomala amabwera akuti ili ndi vairasi, ena amati ailodza, koma ife timangoika dzanja potulukira mpweya paja, tikamva kuti fani ikulira koma mpweya sukutuluka timadziwiratu.

Mukatsegula mumapeza pakati pa fani ndi tizitsulo topyapyala ta heatsink, chitsulo chija chochotsa kutentha pa purosesa, pali chinthu chathyathyathya chotuwa chomatirira, fumbi losakanikirana ndi ulusi wa bulangete ndi tsitsi, pano pa Nchalo mumakhalanso phulusa lakuda la nzimbe nyengo yotentha minda ikafika, lija limagwera pa zovala mukayanika. Timachikoka ndi ka tweezer chimatuluka chonse chathunthu. Nthawi zina mumatuluka mphemvu zamoyo, nyerere ndiye zimakonda pansi pa kiyibodi makamaka kwa anthu odyera mandasi pa laputopu. Tikachotsa heatsink, phala lija limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo cha kopa timalipeza litauma gwa nkung'ambika ngati dothi la makande m'chilimwe. Timapukuta ndi sipiriti mpaka kagalasi ka purosesa kawale, kudontheza phala latsopano pang'ono chabe, kubwezeretsa heatsink nkumanga masikuluwu motsatira manambala amene analembedwa pomwepo 1, 2, 3, 4 kuti ikhale mofanana mbali zonse. Fani ikakhala ikulira khololo timaisintha ngati tili nayo, apo ayi kadontho ka mafuta a makina osokera pa ekiselo kamaikankhako miyezi ingapo. Ntchito imeneyi ndi imene imatidyetsa tsiku ndi tsiku, kuposa kugulitsa kumene.

Apa mpamene makina akale a muofesi amawinira. Dell Latitude E6400 chivundikiro chapansi chili ndi sikuluwu imodzi yokha, mukaimasula, fani, RAM (memory imene makina amagwirira ntchito), zonse zili poyera. HP EliteBook 8460p ndiye simufunanso sikuludiraiva, mumangokankha kaloko chivundikiro nkuchoka. Ma ThinkPad ngati T420 ndi X220 kiyibodi yake ili ndi timabowo totulutsira madzi pansi, tiyi akatayikira amadutsa nkutulukira kunsi ngati mwazimitsa msanga. Anthu anapanga zimenezi ankadziwa kuti makinawa adzatsegulidwa. Pomwe zatsopano zotchipa zija RAM anaiwotcherera pa bodi yaikulu ya mkati, batire lili mkati, pulasitiki yake mukangoti mutsegule timano timathyoka, ndipo zina zilibe ndi fani yomwe, nde tangoganizani ku Bangula mu Novembala.

Katundu timakagula ku Limbe ndi mu Blantyre, kwa anyamata amene amaoda kuchokera ku Joni, ku Dubai ndi ku UK, ambiri ndi makina amene makampani akunja anawasiya atatha nawo. Ndimanyamuka mbandakucha pa minibasi, kudutsa pa Dyeratu, pa mlatho wa Kamuzu, pa Thabwa nkukwera phiri lija, pobwera malaputopu ndimawakulunga mu chitenje nkuwaika pamiyendo, kondakitala olo anene bwanji sindilola kuti apite kubuti pansi pa matumba. Pogula sindithamangira kuona kuwala kwa kunja. Choyamba ndimalowa mu BIOS, pulogalamu ija yoyambirira makina akangoyaka, kuona ngati muli pasiwedi, chifukwa pa ThinkPad pasiwedi ya supervisor sichoka ndi kuchotsa kabatire kakang'ono ka CR2032 kaja ngati mmene anthu amaganizira, imasungidwa mu kachipu kena pa bodi, nde mukagula yotero mwagula mutu. Kenako ndimatsegula ndi kutseka sikirini kumvetsera hinji, kuyang'ana pansi ngati masikuluwu alipo onse, akasowa atatu anayi ndiye kuti wina analowamo kale ndipo sanali waulemu. Ndimanunkhizanso potulukira mpweya, bodi imene inapsapo fungo lake silitha. Zakale kwambiri za Core 2 Duo zambiri sikirini yake imawala ndi kachubu osati LED, kachubuko kakamatha sikirini imayamba mofiirira mukangoyatsa kenako nkuyera, ndikaona zimenezo mtengo ndimautsitsa pomwepo ndipo wogulitsa amadziwa kuti ndaona.

Zakufa timagulanso, ndipo chiyambire Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti zakufazo ndi zimene zatisunga. Zipangizo zatsopano zinakwera zosayamba, nde laputopu imodzi yakufa bodi imatipatsa sikirini, kiyibodi, mahinji, fani, RAM, masikuluwu, nkudzutsa zinzake zitatu. Nchifukwa chake timakakamira mitundu yochepa yomweyo, Latitude, EliteBook, ThinkPad, kuti ziwalo zizilowana. Chatsopano chimene timagula mosanyinyirika ndi SSD basi, chosungira zinthu chopanda mbale yozungulira chimene chimalowa mmalo mwa hadi disiki. Hadi disiki yakale ija ili ndi mbale yozungulira mkati, ndipo munthu woyenda nayo pa kabaza msewu wa ku East Bank sachedwa kuipha. Mukaika SSD ndi RAM ya 8GB mu T420, imayaka msanga kuposa zatsopano zambiri za mu shopu, kasitomala amayang'ana kawiri. Zakale kwambiri za RAM ya mtundu wa DDR2 ndiye timangozisiya pa 4GB ngati tapeza, RAM yake ikusowa masiku ano.

Batire ndi nkhani imene sitinamizapo munthu. Laputopu ya zaka zoposa khumi batire lake ngati likusunga mphindi 40 thokozani Mulungu. Mkati mwa mabatire akalewa mumakhala maselo ooneka ngati mabatire a tochi otchedwa 18650, nthawi zambiri sikisi, timawaphwasula nkuyeza limodzi limodzi ndi mita, abwino timapangira matochi ndi ma power bank. Kumanganso batire la laputopu lenilenilo ndi kovuta chifukwa ambiri ali ndi kachipu kamene kamadzitseka mukangodula maselo, olo muike atsopano sikadzukanso. Nthawi imene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022, pomwe pano pa Chikwawa, dziko linataya pafupifupi 130 megawatts ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri, apo mpamene tinaphunzira za sola mokakamizidwa. Pano amene ali ndi batire la sola la 12 volts kunyumba timawauza kuti agule tchaja ya mgalimoto yokweza kuchoka pa 12 kufika pa 19 kapena 20 volts, osadutsira mu inveta, chifukwa inveta imadya moto wambiri pachabe ndipo zotchipa zija zimaotcha matchaja. Kunena za matchaja, a Dell ali ndi kasingano pakati kamene kamauza laputopu kuti tchaja ndi yamphamvu bwanji, mukagula feki ya pamsika kapena kasinganoko kakathyoka laputopu imayaka koma batire silitchaja ndipo liwiro limatsika. Anthu ambiri abwera kuti laputopu yafa pomwe vuto ndi tchaja ya universal ija.

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 tinalandira makina amatope ochokera ku Nsanje ndi midzi ya mmbali mwa Shire, ena a aphunzitsi, ena a azaumoyo. Amene anapulumuka ndi amene eni ake sanawayatse. Madzi okha sapha bodi msanga, chimapha ndi kuyatsa ikadali yonyowa kapena kusiya batire momwemo matope nkumadya tinjira ta kopa. Ife tinkachotsa batire lalikulu ndi kakang'ono komwe, kutulutsa bodi, kuitsuka ndi madzi oyera ndi kamswachi kofewa mpaka matope athe, kenako sipiriti, nkuyanika pamthunzi pamphepo masiku angapo. Mayi ena achikulire a ku Tengani anabwera ndi ya mwana wawo atailowetsa mu thumba la mpunga sabata yathunthu, akuti anamva kuti mpunga umayamwa madzi. Ndinati mayi, mpungawo kaphikeni, iyi isiyeni kuno. Bodi inali itachita kale dzimbiri lobiriwira cha pa tchaja, sinadzuke, koma hadi disiki inawerengeka, tinawachotsera ntchito yonse ya kusukulu ya mwanayo nkuwaikira mu flash. Anangothokoza mu Chisena kuti takhuta mwananga, kenako anatumiza nkhuku pa minibasi.

Makasitomala athu ambiri ndi aphunzitsi amene akupanga maphunziro a ODL ophunzira ali kutali aja, ana a ku koleji monga a ku MUST ku Thyolo akabwera ku holide, anyamata a ma video show ndi ma DJ a maukwati, ndi ochita geni ya fotokope. Aphunzitsi amalipira pang'onopang'ono kumapeto kwa mwezi, laputopu imakhala kwathu mpaka amalize, zimenezo tinagwirizana kalekale ndi mlamu wanga ndipo sitisintha olo akhale ankolo anga. Pa mapulogalamu pamakhala mkangano. Windows 7 anasiya kuithandiza mu Januwale 2020, Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya 8th gen kupita mtsogolo ndi kachipu ka chitetezo ka TPM 2.0, kutanthauza kuti makina athu onsewa mwalamulo ake sakuyenera. DJ amene salowa pa intaneti ndimamusiya pa Windows 7 yake, palibe chimamuvuta. Koma wolowa pa intaneti, wopanga za banki, ndimamuuza za Linux Mint yolowa mmalo mwa Windows, imathamanga bwino pa makina akale ndipo mavairasi a mu ma flash a pa fotokope aja saigwira. Ana asukulu amavomera msanga. Aphunzitsi achikulire ndiye ayi, amati achimwene ine ndikufuna Word yeniyeni imene ndinaizolowera, ndikawaonetsa LibreOffice, imene imagwira ntchito ya Word yomweyo, amaiyang'ana ngati ndawabera. Sindilimbana nawo kwambiri, ndalama ndi zawo.

Chimene sitipanga ndi kugula laputopu kwa munthu wobwera madzulo thukuta lili kamukamu, alibe tchaja, pasiwedi sakuidziwa, mtengo akutchula wa foni ya mabatani. Timafunsa chiphaso nkulemba mu kope, akakana timadziwa. Ndipo iliyonse imene tagula timaifufuta zonse tisanagulitse, mungadabwe zimene anthu amasiya mu ma hadi disiki, zithunzi za ana, ma CV, makalata a kuchipatala.

Pali bambo wina wa ku Blantyre amene amatsika kuno mwa apo ndi apo kufuna ma ThinkPad akale okhaokha a sikirini yosatambalala ya 4:3, X61 ndi T60, akuti kiyibodi yake palibe inzake ndipo amalemberapo basi. Amalipira bwino kuposa aphunzitsi, mlamu wanga amati ndi wamisala koma akamva kuti akubwera amapukuta shelefu. Panopa tikumusakira chivundikiro cha X61 chosasweka pakona, komanso tikusowa mahinji a X220 ndi RAM ya DDR2 ya 2GB. Nde ngati muli ndi laputopu yakufa pansi pa bedi, kaya inamira kaya inapsa, musaitaye kudzala kapena kupatsa ana aziseweretsa, bwerani nayo tione, timagula, koma batire likakhala lotupa mulichotse kaye musanakwere nayo minibasi.