Dzanja Langa M'beseni la Perekaniperekani

Popeza alamu anga aifalitsa kale nkhaniyi pa WhatsApp, ndipo ndamva kuti ku Rosettenville yafika itamera nyanga, ndiloleni ndiinene ndekha. Sindinabe ndalama pa chinkhoswe chija. Ndinkasintha.

Yolakwa ndi kompyuta. Kapena magetsi. Chabwino, nanenso pang'ono.

Kompyuta yathu ndi ija ya bokosi, yopanda batire. Itadzaza mpaka kuyamba kubuula, ndinagula hard drive ya 1TB m'tauni kuti zithunzi ndi mavidiyo onse ndisamutsire mmenemo. Munali mu 2023, nthawi ya stage 6, magetsi muno mu Johannesburg akuzima mpaka maola anayi nthawi imodzi. Ndandanda yake inali pafoni. Sindinaiyang'ane, chifukwa Windows inalonjeza kuti imaliza m'mphindi 40. Kenako inati maola 9. Kenako mphindi 3. Ndendende kondakitala wa ku Limbe akamati "tikunyamuka pompano" minibasi ili ndi anthu awiri.

Ili pakati pa vidiyo ya chinkhoswe, nyumba yonse mdima bii.

M'mawa ndinayambiranso kukopera. Kompyuta inandifunsa mwaulemu kuti mafayilo ena alimo kale, kodi Replace kapena Skip? Ine ndimadana ndi kubwereza ntchito, ndiye Skip. Ndinayang'ananso ndithu: dzina la vidiyo lilipo, kukula kwake 6GB ngati mwini wake. Zoti Windows imayamba yaisungira fayilo malo ake onse kenako n'kumathiramo pang'onopang'ono, ndinalibe nazo ntchito. Thumba linkaoneka lodzaza, koma theka linali mankhusu. Ndinafufuta zonse pakompyuta, mtima uli mbee.

Tsono apongozi abwera pabasi kuchokera ku Blantyre, tawachingamira ku Park Station. Lamlungu flati yathu ya ku Yeoville yadzaza, ena akhala pazigubu. Mayi a kunyumba akuti, "Bambo a mwana, taikani vidiyo ija amayi aonere."

Inayamba bwino. Ankhoswe apatsana nkhuku. Perekaniperekani wafika, ndipo ndikuoneka ine, suti yobwereka, ndikuvina kulunjika kubeseni. Ndawerama. Dzanja lalowa. Latuluka ndi ma K500 atatu.

Pomwepo chithunzi chinaima.

Abale, sichinaime mwachisawawa. Chinaima diso langa lamanzere litayang'ana kumbali ngati fisi wamva kukuwa kwa galu, lilime lili panja pang'ono, thukuta likuwala pamphumi, ndalama zitatu zikuonekera bwino moti nambala zake mukanawerenga. TV yathu ndi yaikulu. Sindinadziwe kuti ndi yaikulu chonchi. M'nyumba munangoti zii, kumangomveka firiji. Mwana wina anafunsa, "Adadi akutani?" Palibe anamuyankha. Ndinadina remote, nkhope ija osasuntha. Ndinadinanso, ikungondiyang'ana, ngati ikuti tilimodzi.

Sekondi yotsatira, imene inapita ndi magetsi, ndimaponyamo K2000. Kutanthauza kuti ndinapereka K500 yathunthu. Masamu ake ndi osavuta, koma mboni yanga inathera mu Skip.

Apongozi anangoti, "Hmm. Mwina ndi mwambo wa kwanu."

Mwana wa mlongo wanga wophunzira za makompyuta ndiye anawonjezera moto. "Amalume, mukanadina Replace. Kapena mukanakopera ndi kapulogalamu ka robocopy n'kuikapo /Z, kamapitiriza pamene kanadukira. Komanso musanafufute, mumatsegula kaye fayilo n'kuionera mpaka kumapeto." Nzeru zonsezi anali nazo kuti tsiku lija? Ndipo ndani amaonera vidiyo ya maola atatu kawiri?

Ndinamuimbira wojambula wa ku Zomba. Akuti yake anafufuta kalekale, malo anamuthera.

Apongozi akhala nafe milungu itatu. Sananenenso kanthu, kungoti chikwama chawo amapita nacho ndi kubafa komwe. Alamu ajambula nkhope ija pa TV, tsopano ndi sticker. Dzulo wina wanditumizira ine mwini, pondifunsa ngati ndili ndi chenji.