Masiku 7 pa njanji za ku Ulaya ndi pasi ya Interrail

Pasi tinaigula mu Febuluwale, ulendo unali wa mu Juni, ndipo ntchito yaikulu inali m'miyezi yapakatiyo. Ine ndi mayi akunyumba timakhala ku Leeds, koma mapasipoti athu ndi a Malawi. Anzathu a kuntchito akamakamba za pasi ya sitima amati umangodzuka, kunyamula chikwama, n'kukwera sitima iliyonse imene wakumana nayo pa siteshoni. Kwa iwo mwina n'zoona. Ife tinayenera kudziwiratu komwe tidzagone usiku uliwonse tisanaponde n'komwe pa pulatifomu.

Choyamba chinali kudziwa pasi yotiyenera. Ilipo mitundu iwiri ndipo sayang'ana mtundu wa pasipoti yako, amayang'ana komwe ukukhala. Interrail, yomwe inayamba mu 1972 ngati tikiti ya achinyamata, ndi ya anthu okhala ku Ulaya, kuphatikizapo Britain. Eurail, yomwe inayamba mu 1959, ndi ya ochokera kunja. Ndiye ife, popeza tili ndi chilolezo chokhala ku Britain, tinagula Interrail. Mlamu wanga wa ku Chilomoni akanabwera nafe akanagula Eurail, n'kukhala nafe pampando umodzimodzi m'sitima yomweyo. Yotchedwa Global Pass imagwira ntchito m'mayiko 33.

Tinasankha ya masiku 7 oyenda mkati mwa mwezi umodzi, m'kalasi yachiwiri, pamtengo wa ma euro pafupifupi 380 pa munthu. Osakwana zaka 28 ndi amene afika zaka 60 amawatsitsirako, ife tili pakati ndiye tinalipira wonse. Tsiku loyenda limayamba pakati pa usiku mpaka pakati pa usiku wotsatira, ndipo m'tsikulo ukhoza kukwera sitima imodzi kapena 10, mtengo sukusintha. Koma ukakwera sitima ya mphindi 20 zokha n'kutsika, tsiku lonse lapita. Palinso lamulo lina limene ndinaliwerenga katatu: m'dziko lako lomwe ukukhala pasi imagwira masiku awiri okha, lotulukira ndi lobwerera, ndipo masiku awiriwo amachotsedwa pa 7 aja. Otsala oyendera ku Ulaya kwenikweni anali 5.

Kenako viza. Britain sili m'gulu la mayiko a Schengen, omwe umalowamo ndi viza imodzi, ndipo chilolezo chokhala kuno sichikulowetsa ku France kapena ku Italy. Viza ya Schengen imapemphedwa ku dziko lomwe udzakhale masiku ambiri, osati lomwe udzayambire kulowa, choncho tinakhala pansi ndi pepala n'kuwerenga mausiku. Italy inapambana. Anafuna kalata ya kuntchito, masitetimenti a ku banki, inshuwalansi ya paulendo yosachepera ma euro 30,000, umboni wa malo ogona ndi ndondomeko ya ulendo wonse, kuphatikiza ma euro 90 a vizayo ndi kudinda zala. Ndinasindikiza pasi ndi mndandanda wa sitima zomwe tinkafuna kukwera n'kuziika pamwamba pa mapepala onse. Apa ndi pomwe nkhani ya "kungodzuka n'kupita" inathera. Mahotelo tinabukitsa oti tikhoza kuwaletsa popanda kulipira, kuti tikhaleko ndi kampata kosintha maganizo.

Cholakwa changa choyamba chinali pa Eurostar, sitima yochoka ku London kudutsa pansi pa nyanja kupita kutsidya. Pasi si tikiti ya mpando. Sitima zambiri umangokwera, koma zina zothamanga ndi zausiku zimafuna kuti ugule mpando padera, ndipo pa Eurostar mipando ya anthu a pasi ndi yowerengeka. Ine ndinadikira viza ituluke kaye, poopa kutaya ndalama. Itatuluka, sitima ya m'mawa yomwe ndinkaifuna inalibenso malo a pasi, ngakhale matikiti wamba anali akugulitsidwabe. Tinatenga ya masana, pa ma euro pafupifupi 30 pa munthu ulendo umodzi. Mayi anangoti, "Bambo, ndinakuuzani mu Epulo." Sindinayankhe.

Pasi yenileniyo imakhala m'foni, m'pulogalamu yotchedwa Rail Planner. Umalowetsa nambala ya pasi, dzina ndi nambala ya pasipoti. Usanakwere sitima iliyonse umaifufuza mmenemo, kuiika pa ulendo wako, kenako n'kusuntha kabatani kakang'ono koiyatsira pa pasi. Ukatero pamatuluka khodi ya QR ya tsikulo yomwe kondakitala amaijambula. Zikuoneka zophweka, ndipo n'zophwekadi, kupatula kuti foni ikazima ndiye kuti tikiti ulibe. Tinanyamula pawabanki ndi adaputala, chifukwa mapulagi a mano atatu omwe timagwiritsa ntchito ku Britain ndi kwathu salowa m'masoketi a kutsidyako.

Tsiku loyamba tinanyamuka ku Leeds kupita ku siteshoni ya King's Cross ku London, n'kungowoloka msewu kulowa ya St Pancras, ponyamukira Eurostar. Apolisi a malire a France amakhala pomwepo mu London, choncho viza amaiona usanakwere. Tinafika ola ndi theka nthawi isanakwane ndipo sitinadandaule. Sitima inalowa m'ngalande ya pansi pa nyanja, yotalika makilomita 50, yomwe inatsegulidwa mu 1994. Palibe choona, ndi mdima wa mphindi pafupifupi 20. Titatulukira ku France foni inadumpha ola limodzi, ndipo mayi anaseka: m'miyezi yotentha nthawi ya ku France, Germany ndi Italy imafanana ndendende ndi ya ku Malawi. Ulendo wonsewo tikamaimbira kumudzi panalibe zowerengetsera maola. Ku Brussels Midi tinasintha n'kukwera ICE, sitima yothamanga ya ku Germany, mpaka Cologne, komwe ukangotuluka pakhomo la siteshoni tchalitchi chachikulu chija chimakhala chakuimirira pamaso, chakuda, chotalika moti khosi limawawa.

Tsiku lachiwiri pulogalamu inkatiloza njira yothamanga yodzera ku bwalo la ndege la Frankfurt. Ndinaikana. Tinatenga yodzera ku Koblenz ndi Mainz, yomwe imatsata mtsinje wa Rhine m'mphepete mwenimweni, mipanda ya mafumu akale pamwamba pa mapiri ndi minda ya mphesa yotsetsereka. Ukamapita chakummwera ukhale kumanzere. Ku Germany mpando sukakamizidwa kubukitsa, choncho zinangotengera ife. Sitima ina inachedwa, tinaphonya yolumikizana nayo, ndipo apa ndi pomwe ndinaona ubwino wa pasi: ndinangochotsa sitima yophonyedwayo m'foni n'kuika yotsatira, osapita pa windo lililonse. Tinadutsa Basel ndi Zürich n'kukagona ku Chur. Switzerland ili mu Schengen koma ndalama yake ndi franc, ndipo zakudya zake zimaluma thumba. Chakudya chamadzulo tinagula buledi, tchizi ndi nthochi m'sitolo ya pa siteshoni n'kukadyera m'chipinda.

Tsiku lachitatu ndi lomwe linabweza ndalama yonse. Kuchoka ku Chur kupita ku Tirano ku Italy kuli sitima yotchuka ya alendo, Bernina Express, ya mawindo aakulu ofika kudenga, yomwe imafuna kulipira mpando padera. Koma pa njanji yomweyo mumayendanso sitima wamba zofiira za kampani ya Rhätische Bahn, zonyamula ana a sukulu ndi anthu opita kuntchito, ndipo izi pasi imalipira zonse. Umangosintha ku Samedan ndi ku Pontresina. Tinasankha zimenezi, ndipo nditapitanso ndingasankhe zomwezo, chifukwa m'bogi lathu mawindo ankatseguka. Pafupi ndi Filisur sitima imakhota pa mlatho wa miyala wa Landwasser, mamita 65 kuchoka pansi, n'kulowa m'phanga lomwe lili pathanthwe lenileni, ngati njoka yolowa kuuna. Mayi, omwe amatseka maso ngakhale pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, anagwira dzanja langa koma maso sanatseke.

Kupitirira Pontresina mitengo imayamba kuchepa mpaka kutheratu. Pa Ospizio Bernina njanji imafika mamita 2,253, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba, ndipo mu Juni momwemo chipale chinali chikadali m'mapiri, nyanja ya Lago Bianco ili mbuu m'mbali mwa njanji. Mphepo yolowa pawindo inali yoluma makutu. Kenako kutsika. Pa Alp Grüm umaona chigwa cha Poschiavo pansi patali, ndipo sitima imapita uku, kubwerera uku, kutsika pang'onopang'ono. Pa Brusio imazungulira pa mlatho wozungulira ngati nkhata, moti uli kumbuyo umaona mutu wa sitima yako yomwe ukudutsa pansi. Njanji imeneyi UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2008. Pofika ku Tirano, mamita pafupifupi 430 okha, sitima ikuyenda mumsewu pamodzi ndi magalimoto, kutentha kwabwerera, majuzi tavula. Ndinakumbuka sitima yomwe ndinkakwera ndili mwana kuchoka ku Limbe kupita ku Balaka, mutu uli pawindo, amayi anga akundikoka malaya.

Ku Tirano masiteshoni ndi awiri oyang'anizana, ya Switzerland ndi ya Italy. Tinadya pitsa, n'kuthamangira sitima ya ku Milan, ndipo m'chipwirikiticho ndinaiwala kuiyatsa m'foni. Kondakitala atafika khodi inalipo, koma sitima yomwe tinakwerayo sinali pa mndandanda wa tsikulo. Mwalamulo ndiye kuti tinalibe tikiti. Anaima chilili, akundiyang'ana ndikulimbana ndi netiweki yomwe inkathawa m'mapanga a m'mbali mwa nyanja ya Como, mpaka zinatheka. Anagwedeza mutu n'kupitirira. Kuyambira pamenepo mayi anatenga udindo: pa pulatifomu iliyonse, sitima isanaime n'komwe, ankafunsa, "Mwayatsa, bambo?"

Ku Italy nkhani ndi yosankha. Sitima yothamanga ya Frecciarossa yochoka ku Milan kupita ku Venice imatenga maola awiri ndi theka, koma mpando tinalipira ma euro 13 pa munthu. Sitima wamba zodzera ku Verona n'zaulere pa pasi, kungoti zimachedwa ndipo zimadzaza. Tinali otopa, tinalipira. Chofunika kusamala ndi dzina la siteshoni: Venezia Mestre ili kumtunda, Venezia Santa Lucia ndiye ili pamadzi, ukawoloka mlatho wautali. Anthu angapo anatsika pa Mestre n'kukweranso mwamanyazi. Tili ku Venice tinapita kukaona Padua, ulendo wa theka la ola, ndipo pasi sitinaikhudze. Tinagula matikiti wamba a ma euro ochepa pa makina. Tsiku limodzi la pasi yathu linali lokwana ma euro oposa 50, ndiye kuliwotcha pa ulendo waufupi chotero kukanakhala kupha ntchentche ndi nkhwangwa. Maboti a mumzindamo, monganso mabasi ndi sitima za pansi pa nthaka m'mizinda ina, pasi siiwerengera.

Sitima yausiku ili ndi lamulo lokoma. Ukakwera madzulo n'kutsika m'mawa osasintha sitima pakati pa usiku patadutsa, amawerengera tsiku lonyamukira lokha. Nightjet yochoka ku Venice cha m'ma 9 usiku inatifikitsa ku Vienna m'mawa, tsiku limodzi la pasi, komanso hotelo ya usiku umenewo sitinalipire. Malo ogona tinabukitsa kutatsala miyezi iwiri kuti tinyamuke, chifukwa amatha msanga. Tinatenga kachipinda ka mabedi 6, atatu mbali iyi atatu mbali iyo, pamodzi ndi anthu osawadziwa. Amakupatsa nsalu yoyala, bulangeti ndi pilo, umagona ndi zovala zako, ndipo m'mawa amabweretsa khofi ndi mabanzi. Ine ndinali pabedi lapamwamba, pomwe mpweya wonse wotentha umasonkhana, ndipo mnyamata wapansi panga ankaliza mkonono ngati chigayo. Ndinagona mwina maola atatu. Mayi anagona mpaka anachita kuwadzutsa.

Masiku awiri otsiriza anali ongobwerera. Vienna mpaka Cologne kudzera ku Frankfurt ndi tsiku lathunthu pampando, ndipo linali Lamulungu, pomwe masitolo ambiri ku Austria ndi Germany amakhala otseka, kupatula a m'masiteshoni aakulu. Kamba tinagula pa Wien Hauptbahnhof, siteshoni yaikulu ya ku Vienna. Makobidi a euro ndinkasunga m'thumba la malaya, poti zimbudzi za m'masiteshoni ambiri n'zolipira pomwe za m'sitima n'zaulere.

Nditawerengetsa kunyumba, mipando yonse yolipira padera, Eurostar kawiri, Frecciarossa ndi bedi la usiku, inawonjezera ndalama yoposa kota ya mtengo wa pasi. Wodziwa masiku ake molawirira, woyenda mizinda iwiri kapena itatu yokha, akhoza kupeza matikiti otsika mtengo popanda pasi. Kwa ife, ndi Switzerland ili pakati komanso sitima za ku Britain mbali zonse ziwiri, inatipindulira.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinachoka ku Cologne m'mamawa, ndipo ndinasiya maola atatu athunthu ku Brussels, chifukwa mpando wa Eurostar ukauphonya sungosuntha kabatani m'foni. Apolisi a malire anadinda mapasipoti otulukira, a Britain anaona chilolezo chathu, foni inabweza ola lija. Pa King's Cross, sitima ya ku Leeds itaima kale pa pulatifomu, mayi anandigwira pamkono. Ndinali nditayatsa kale, koma ndinawaonetsabe foni.