Tatuluka m'chipatala, zikomo nonse

Tafika kunyumba dzulo madzulo, ine ndi kamtsikana kathu. Thupi lonse likuphwanya, koma mtima sukundilola kugona ndisanathokoze.

Ambiri mukudziwa za mwana wathu woyamba uja, amene anatisiya ali ndi masiku asanu, milomo itada bii. Mukudziwanso kuti shuga ndakhala naye zaka zambiri. Ine sindinkadziwa kuti ziwirizi zikukhudza mimba iyi. Anaziona ndi anamwino a kusikelo kwathu. Dzina sinditchula, sakonda zotchulidwa, koma akudzidziwa. Anatenga buku langa lakuchipatala n'kuliwerenga mpaka masamba akale amene ena ankangowadumpha, kenako anandikhazika pansi. Anati mayi amene anali kale ndi shuga asanaime, kapena amene anaberekapo mwana wa vuto la mtima, sikani wamba simukwanira. Pamafunika dokotala wodziwa za mitima ya ana aunike mtima wa mwanayo akadali m'mimba, makamaka pakati pa masabata 18 ndi 24. Ine ndinali pa 21. Kalata analemba tsiku lomwelo.

Ndinazengereza, ndisaname. Ya minibasi yopita ku Blantyre panalibe, mantha ndiye osanena. Anandiimbira katatu. Kachitatuko anangoti, "Mwana wanga, mawa m'mawa ndikupeze pasiteji." Ndinawapeza atafika kale, ndalama atakulunga m'kapepala. Mayi inu, ndikubwezerani chiyani ine?

Dokotala anaunika nthawi yaitali osayankhula, ine ndikungopemphera chamumtima. Kamtima kochepa ngati chikhadabo, zipinda zake zonse zinayi zikuoneka, kakugunda ka 140 pa mphindi. Ndiye anapeza kabowo pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri zam'munsi. Ndinalira njira yonse yobwerera. Koma n'chifukwa chake ndinakachirira kuchipatala chachikulu, madokotala a ana ali pafupi, shuga wanga akumuyeza pafupipafupi. Atabadwa anamuunikanso. Kabowoko n'kakang'ono, ndipo akuti totere nthawi zambiri timatsekeka tokha mwana akamakula. Tizipita naye kukamuonetsa. Akuyamwa bwino, milomo yake ndi yofiira. Ambuye, ndinu nokha.

Bambo a kunyumba, munagona pakhonde la chipatala masiku onsewa, zikomo. Apongozi anga, phala lanu silinaphonye m'mawa ngakhale umodzi. Amayi a Mvano, mapemphero anu ndinkawamva m'thupi. Enanu amene munkati ndikungodzivutitsa, mtima wa mwana wosabadwa ungaoneke bwanji, ndipo ngakhale foni simunaimbe, zinandipweteka. Ndangoti mudziwe.

Koma anamwino aja. Usiku umene ndinachira anaimba 2 koloko, ali pantchito kwawoko, kungofuna kumva ngati mwana walira. Mulungu akudalitseni mayi, akusungireni ana anu ndi manja anuwo. Tikangopezako mphamvu tikubwera naye kusikelo, mudzamunyamule.